Ndazimitsa Kale

Usiku umenewo ndinatsikira mumgodi wakale wa golide, momwe muli makina athu ofufuzira tizinthu tosaoneka ndi maso. Ndinkapita kukazimitsa magetsi amphamvu kuti mnzanga Declan akonze mawaya m'kati mwa makinawo.

Ndili m'njira, Declan anayankhula pa wailesi yanga ya m'manja. "Lero wafulumira bwanji, Narelle! Wadya chiyani? Basi, ndikupisa manja."

"Iwe, usakhudze! Ku swichi sindinafike!"

Sanandimve. Mawaya a m'mbali mwa khoma anali kulirabe ngati njuchi. Ndinaliyatsa liwiro, ndikukuwa dzina lake.

Kenako pa wailesipo panamveka mawu a mkazi, odekha bwino. Anali mawu anga.

"Gwira, Declan, usaope. Ndazimitsa kale."