Zidina za Sharifu

"Nyumba ya mwana wanga ili kuti, apongozi?" anafunsa Abiti Swaibu, atagwira njinga ya mkamwini wawo Sharifu pamsika wa Nselema. "Mwamuna sachoka pamudzi asanammangire mkazi nyumba."

"Sitinasudzulane, amayi. Tangopanga sepaleti, aliyense akhale kaye kwake."

"Chizungu chanucho mukawauze a ku Balaka. Kuno wofuna kutalikira mnzake amayamba waumba njerwa."

M'mawa mwake Sharifu anayamba kuumba. Ankagwira ntchito mothamanga, poti ku Balaka kunali mayi wina wogulitsa zitenje amene ankamuimbira foni mosalekeza. Foniyo ikangolira, mkazi wake Zulfa ankamenyetsa ndowa pansi.

Koma zidina sizinkauma. Zoumbidwa lero, mawa zasanduka matope, chikhalirecho unali mwezi wa Okutobala, kopanda ndi dontho lomwe la mvula.

Tsiku lina Sharifu atapita ku mzikiti, Abiti Swaibu anampeza Zulfa kuseri kwa chulu akukhuthulira madzi pazidinazo.

"Iwe! Kani ndiwe ukutichedwetsa?"

"Akamaliza apita kwa ujeniyo, amayi," anayankha Zulfa. "Ndiye ine ndizingoonerera?"

Sharifu atabwerako anaima pamatopepo, manja ali m'chiuno.

"Amayi, dothi ili ndi loipa. Bwanji ndingogula njerwa zootcha kale, ndimange zipinda ziwiri, tithane?"

Abiti Swaibu anayang'ana mwana wawo, kenaka anatembenukira kwa mkamwini.

"Iyayi, apongozi, zogula ine sindilandira. Muumbe ndi manja anu omwewo. Ndipo zipinda zikhale zinayi."