Banki Yoyeserera ya Malemu

Woyesa mapulogalamu anabwerera ku ofesi kutada kuti akazimitse banki yoyeserera, imene amayeserapo pulogalamu isanapite kwa makasitomala. Banki yotere imangoyankha mawu amene munthu anailembera, basi.

Pakompyuta zinkaoneka banki ziwiri zoyaka. Yachiwiriyo inali ya mnzake amene anamwalira mwezi watha, ndipo woyesayo anali ataifufuta yekha maliro atatha.

Anaizimitsa, koma inayakanso. Anaimirira, anakhalanso, kenako anaimbira abwana.

"Bwana, mwabwezeretsa ya malemu ija?"

"Ine ayi. Taifunsa uone."

Anatumiza funso la masiku onse. Yankho silinachedwe.

"Asisi, mwakhalira jekete langa."

Jeketelo anali atalipereka kale yekha kwa mkazi wa malemu. Koma pampandopo anamva zipi ikumubaya, ndipo nsaluyo inali yofunda.