Sopo pa Pisitoni

Moni, owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene anatipatsa manja.

Ku migodi ya malasha ya Wankie, mu 1956, pini inakakamira m'pisitoni ya aluminiyamu ya m'injini ya ambulansi, ndipo pisitoni ina kunalibe. A Dickson, okonza injini, anayatsa moto wotenthetsera pisitoniyo kuti pini imasuke.

"Iwotcheni mpaka ifiire, achimwene," anatero a Lawson, kapitawo. "Mukakana, mawa musabwere."

"Aluminiyamu safiira ngati chitsulo, akapitawo. Amafooka osaonetsa. Pini ituluka ndithu, koma pisitoni ikaswekera panjira, wodwala ali m'galimoto."

A Dickson anatulutsa sopo wochapira m'thumba, napaka pa pisitoniyo.

"Mukuisambitsa?" anaseka a Lawson.

"Sopoyu akada, ndiye kuti taipha."

Anayendetsa lawi pataliko, uku akung'ung'udza nyimbo ya Mgonero. Sopo asanasinthe mtundu, anazimitsa moto, nagogoda kamodzi kokha. Pini inagwera pathebulo, ngwee!

A Lawson anatola sopo uja, namutembenuza kawiri.

"Mawa mulawire," anatero. "Mubwere ndi sopo wina, wa ine."

Ambuye akudalitseni, owerenga, akupatseni manja odziwa polekezera.