Manja a Tereza

Nedson anamanga lezala wakuthwa uku ndi uku m'kachitsulo kometera ndevu kamene anagula m'golosale ya Zuberi ku Nsaru, n'kukamasulanso. Anali atabisala kuseri kwa chigafa cha fodya, sopo akuuma kumaso, khutu lili kunyumba.

Chikwatiranireni, ankametedwa ndi mkazi wake Tereza, lezala ali m'zala basi. Koma manja a Tereza anali atayamba kunjenjemera, ndipo Loweruka lapitalo anamutema pakhosi.

"Kodi mwabisala kuno?"

Anali Tereza, atanyamula beseni la madzi ofunda, madziwo akutayikira kumapazi.

"Ndimangoyesa, amake Wisdom. Akuti kachitsuloka kamatchinga lezala, sikatema munthu."

"Sikatema ngati ine, eti?"

Bala la pakhosi lija linayamba kumuyabwa Nedson.

Tereza anatula beseni, napukuta manja pachitenje, natambasula dzanja. Linkangogwedera ngati tsamba la fodya pamphepo.

"Ngati sikatema, bweretsani kuno."

Nedson anayang'ana dzanjalo, nayang'ana lezala. Kenako anakhala pachitsa, natukula chibwano.