Mlendo Wokonza Mawailesi

"Kumenekonso ayi!" anatero Kingstone akukwera kabaza, m'makutu mukulirabe. "Kodi Mulungu wa ku Mzimba kuno ndi wogontha?"

Chibwerereni kuchokera ku Dedza, anali atalowa matchalitchi anayi. Konseko zimkuzamawu zinkagwedeza malata, mbusa akukuwa ngati nyumba ikupsa. Iye ankangofuna nyimbo zapakamwa ndi pemphero lachifatse.

"Mukuvuta chomene, adada," anadandaula Wallace, wakabaza uja, akupukuta thukuta. "Mbwenu tiyese katchalitchi kena kali kuseri kwa msika. Kakakanika, mudzipemphera kunyumba."

Atalowa, Kingstone anaima kaye pakhomo. Munalibe kiyibodi kapena gitala. Amayi ankaimba Chitumbuka motsitsa, abambo akuvomera. Sankamva mawu onse, koma misozi inalengeza.

"Ndafika kwathu," anadzinong'oneza.

Ulaliki utatha, mkulu wampingo anapempha alendo kuti aimirire, atchule dzina, kumene achokera ndi ntchito yawo.

"Ndine Kingstone Kachingwe wa ku Dedza," anatero akumwetulira. "Ndimakonza mawailesi ndi zipangizo zamagetsi."

Nthawi yomweyo nthungululu zinabuka tchalitchi chonse, mbusa n'kugwada pansi manja ali m'mwamba.

"Yewo, Chiuta!" anafuula mbusayo. "Abale, masabata atatu takhala tikusala kudya chifukwa ampulifaya ya zimkuzamawu zathu inapsa. Lero mwaona nokha yankho!"

Abambo awiri anali atayamba kale kutulutsa zimkuzamawu kuseri kwa guwa, chilichonse chachitali ngati chitseko.