Drafuti ya Loweruka

"Tandionereko Chingerezichi, mwanangu, mawa ndikawerenga pamaso pa kalasi yonse," anatero bamboyo, akupereka kope kwa mwana wake wamkazi.

Bamboyo anali dalaivala, ndipo ankaphunzira Chingerezi akaweruka kuti amukweze pantchito. Aphunzitsi anawauza kuti alembe za masewera amene amachita kumapeto kwa sabata. Iye anachita manyazi kulemba kuti Loweruka lonse limamuthera kwa ometa, akusewera drafuti ndi anzake. Choncho analemba kuti amasewera pakhomo ndi mwana wake, ndipo mwanayo akapambana amavina.

Mtsikanayo anawerenga mwakachetechete, n'kukonza mawu awiri okha.

"Bwanji, ndalakwitsa zambiri?"

"Ayi, adadi, mwalemba bwino zedi." Anabweza kopelo. "Kungoti mwana wanuyu ndamusirira."

Bamboyo anafuna kuseka, koma maso ake anagwera pansi pa tebulo. Katoni imene anaipinda yekha n'kuchirikizira mwendo wogwedera inali ndi timabokosi takuda ndi toyera. Mwanayo anaijambula chaka chatha, tsiku limene bamboyo anamulonjeza kuti Loweruka amuphunzitsa drafuti.