Chitsulo Chinamira M'maziko

Amuna makumi anayi atamenyera pamodzi minsi potsendera maziko a damu ku Nsadzo, chitsulo chimene kapitawo Zakariya anazika mumchenga chinamira chokha. Madzi anatumphuka pansi.

Zakariya, mmisiri amene anthu a ku Beira ndi ku Joni komwe ankamuvulira chipewa, anagwada n'kugwira mchenga wonyowawo. Ngati minsi yokha yasungunula nthaka, nanga chivomezi? Kumunsi kwa mtsinjewo kunali mudzi wa Ruti, mlongo wake.

"Akapitawo, musanene," ananong'ona Andreya, mmodzi wa amuna achibalo. "Mzungu woyang'anira ntchitoyi akamva, tiyambiranso kukumba. Mvula ili pafupi, minda kwathu sitinasose."

Zakariya anayang'ana zikhatho zake, zimene zinalawapo kale mbalamatodya, thabwa limene azungu ankamenyera anthu m'manja.

"Mundide, achimwene. Manda a mudzi wonse ine sindingawakumbe."

Analunjika kutenti ya mzungu.